Funsani Azakhali: Maluwa a Ukwati, Nyengo Yake ndi Thumba la Komiti

Chimanga chikangolowa m'nkhokwe, Loweruka lililonse mumzinda wa Zomba mumamveka mahutala a galimoto za akwati, ndipo makalata amene amandipeza nawonso amasintha nkhani. Mwezi uno ambiri mwa inu mwafunsa za maluwa, choncho ndasankha makalata asanu oti ndiwayankhe.

FUNSO: Zikomo Azakhali. Ndine mtsikana wa zaka 27, mphunzitsi, ndipo ndimakhala ku Matawale. Ukwati wathu tidzadalitsa Loweruka lachiwiri la mwezi wa Okutobala kutchalitchi kwathu m'tauni muno, zithunzi tidzajambulitsa ku munda wa zomera wa Botanic, kenako madyerero adzakhala mu holo ya anthu 300. Komiti yaika K700,000 pa maluwa. Ndinaona pa Facebook chithunzi cha ukwati wina umene chipata cholowera akwati ndi matebulo onse anali ndi maluwa a rozi oyera okhaokha, ndipo nditachitumiza kwa mayi wina wodziwa kuyala maluwa ku Blantyre, wanditchulira mtengo woposa ndalama yathu katatu. Ankhoswe anga, amene ndi amalume, akuti maluwa sadyedwa, ndalamayo ipite ku mpunga ndi nkhuku. Kodi mayiyu akufuna kundidyera masuku pamutu? Mtsikana wa ku Matawale.

YANKHO: Mwana wanga, sindikuganiza kuti mayiyo wakukwezera mtengo mwadala. Iwe unamutumizira chithunzi, iye anawerenga maluwa amene ali m'chithunzimo, ndipo kusiyana kwanu kwayambira pamenepo. Katswiri wa maluwa amagula duwa limodzilimodzi, ndipo chipata chodzaza ndi rozi kuchokera pansi mpaka pamwamba chimadya maluwa mazanamazana. Pamwamba pa mtengo wa maluwawo pali thiransipoti, siponji yobiriwira ija yotchedwa oasis imene amabayamo matsinde kuti azimwa madzi, waya, maliboni, zoimikira, malipiro a anthu amene amachezera usiku wa Lachisanu akumanga, ndiponso maluwa ena amene amathyoka kapena kufota m'njira, omwe ayenera kugulidwa mopitirira kuti pasadzapereweze. Rozi wa tsinde lalitali ndi mutu waukulu kawirikawiri amachokera kunja, makamaka ku Kenya, kumene kuli minda ikuluikulu m'mbali mwa nyanja ya Naivasha, kapena ku Johannesburg, ndipo amalipiridwa ndi ndalama zakunja. Chithunzi cha pa foni sichionetsa zonsezi, komanso sichikuuza ngati maluwa amene ukuwasirirawo anali amoyo kapena ansalu.

Ndikukulangiza kuti ubwerere kwa mayiyo, koma ulendo uno uyambe ndi kutchula ndalama imene ili m'thumba. Umuuze kuti, “Mayi, komiti yandipatsa K700,000, tsiku ndi lakuti, mitundu ya ukwati wanga ndi yakuti, kodi mungandichitire chiyani?” Atsikana ambiri amabisa bajeti poopa kuti wamaluwa aidya yonse, koma zotsatira zake n'zakuti amalandira kotesheni ya ukwati wa munthu wina. Munthu wodziwa ntchito yake akamva ndalama yeniyeni amadziwa duwa loti achotse, loti asinthe ndi lina lotsika mtengo la mtundu womwewo, ndi malo oti adzaze ndi masamba. Usachite manyazi kufunsa mtengo wa chinthu chilichonse pachokha, pakuti mbewa ya manyazi inafera kuuna.

Tsopano tiye tiwerenge limodzi. Ngati anthu 300 akhala khumikhumi, ndiye kuti matebulo ndi 30, ndipo ukaika rozi 7 pa tebulo lililonse wagula kale maluwa 210 usanakhudze chipata, guwa kapena maluwa a m'manja mwako. Ukaika atatu pa tebulo, pamodzi ndi masamba ndi timaluwa toyera tating'ono ta gypsophila, chiwerengerocho chimatsika kufika pa 90, ndipo palibe mlendo amene adzanyamuke kukawerenga. Komanso udzifunse ngati matebulowo akufunikadi, chifukwa m'maukwati athu ambiri anthu amakhala pa mipando yondanda, pakati n'kusiya bwalo la perekaniperekani. Holo ikakonzedwa motero, maso a anthu onse amakhala kutsogolo, ndipo ndalama ya maluwa iyenera kupita kumene kuli maso awo.

Kwa ine, choyamba kulipira ndi mpukutu wa m'manja mwa mkwatibwi, chifukwa umenewo udzaoneka pafupifupi m'chithunzi chilichonse kuyambira pakhomo la tchalitchi mpaka madzulo, ndipo zithunzizo ndi zimene adzazione ana ako. Ukhale wa maluwa amoyo, womangidwa bwino, wosalemera kwambiri. Pambuyo pake pabwere duwa la pa jekete ya mkwati, la womuperekeza ndi la makolo a mbali zonse ziwiri, kenako tebulo la akwati ndi la keke. Miphika iwiri ikuluikulu imene idzaime kutsogolo m'tchalitchi ikhoza kunyamulidwa mwambo ukatha n'kukaikidwa ku holo pamene inu muli ku zithunzi, ngati akuluakulu a mpingo avomereza, ndipo potero walipira kamodzi koma wakongoletsa malo awiri. Atsikana okuperekeza safunika mipukutu ikuluikulu. Duwa limodzi kapena atatu omangidwa ndi liboni amakwanira. Chipata chija, ngati mtima wako sukuchoka pa icho, ubwereke cha maluwa ansalu kwa okongoletsa holo, ndipo wamaluwa angoikapo amoyo pang'ono pa msinkhu wa nkhope zanu. Palibe chochititsa manyazi pa maluwa ansalu akakhala oyera ndi osathetheka. Chimene chimanyansa ndi ansalu afumbi amene azungulira maukwati chaka chonse osachapidwa, choncho ukawaone ndi maso ako usanalipire.

Mwezi umene mwasankha nawonso uli ndi mawu ake. Okutobala ndi pachimake pa chilimwe, ndipo ngakhale Zomba ili m'tsinde mwa phiri, masana kumatentha kwambiri. Maluwa onga hydrangea amagwetsa nkhope msanga akasowa madzi pa kutentha kotero, pamene chrysanthemum, carnation, alstroemeria ndi anthurium amapirira tsiku lonse. Umufunse mayiyo kuti ndi ati amene iye wawaona akulimba mu Okutobala, ndipo umvere. Kumbukiranso kuti pa 15 Okutobala ndi Tsiku la Anakubala, ndipo masiku oyandikira tsikulo ofuna maluwa amachuluka monga zimakhalira pa 14 Febuluwale, choncho oda yako ikhale itatsimikizidwa miyezi iwiri kapena itatu tsikulo lisanafike. Ku Botanic usawonongeko ndalama ya maluwa ngakhale pang'ono. Munda umenewo, umene unayambitsidwa ndi Alexander Whyte m'chaka cha 1891, uli ndi mitengo yake ndi mtsinje wa Mulunguzi, ndipo nyengo imeneyo mitengo ya jakaranda ya m'tauni imakhala itachita maluwa ake. Ungofunsiratu kwa oyang'anira malowo za chilolezo chojambulira.

Za amalume ako, usalimbane nawo, chifukwa nkhawa yawo ndi yoona: mlendo amene wabwerera ndi njala sakumbukira maluwa, ndipo manyazi ake amagwera ankhoswe. Upite nawo pepala lolembedwa bwino losonyeza chimene ukugula ndi mtengo wake, uwaonetse kuti sukupempha ndalama ina yoposa imene komiti inaika, ndipo pa K700,000 imeneyo usungepo K70,000 yosakhudza, yodzathandiza ngati china chasintha sabata yomaliza. Ikadzatsala, uipereke ku chakudya pamaso pawo.

FUNSO: Azakhali, ine ndine wapampando wa komiti ya ukwati wa mphwanga, ndipo ndimakhala ku Chinamwali. M'mwezi wa Malichi tinapereka theka la ndalama ya maluwa ngati dipoziti kudzera pa foni, ukwati uli mu Ogasiti. Tsopano wamaluwayo akuti zinthu zakwera ndipo tiwonjezere. Sitinalemberane chilichonse chifukwa ndi munthu wodziwana ndi mlamu wanga. Tichite bwanji? Bambo wa ku Chinamwali.

YANKHO: Bambo, vuto lanu ndi lofala, ndipo nthawi zambiri limabwera pamene pali chibale kapena chinansi, chifukwa anthu amaona ngati kupempha pepala ndi kukayikira mnzawo. Nkutheka kuti wamaluwayo akunena zoona. Tonse tikukumbukira kuti kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndiponso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo munthu amene amaitanitsa katundu kunja amamva kusintha kotere msanga kuposa ena. Maluwa sangagulidwe mu Malichi n'kusungidwa mpaka Ogasiti ngati mpunga, ndiye kuti dipoziti yanu inagwira tsiku ndi ntchito yake, koma maluwawo adzagulidwa pa mtengo wa sabata ya ukwati. Komabe zimenezi sizimupatsa ufulu wongotchula ndalama ina popanda kufotokoza.

Mukhale naye pansi, inu, msungichuma wa komiti ndi mlamu wanuyo, ndipo mutenge uthenga wa pa foni wosonyeza ndalama imene munatumiza, kaya pa Airtel Money kapena pa Mpamba, pamodzi ndi zimene munalemberana pa WhatsApp. Mumupemphe akuonetseni chimene chakwera ndi mlingo wake. Ngati chakwera ndi rozi wochokera kunja, palibe chifukwa choti malipiro a ntchito ya manja ake kapena zoimikira zimene ali nazo kale zikwere nawo. Mukatero musankhe chimodzi mwa ziwiri: kuwonjezera pa zokhazo zimene zakweradi, kapena kusiya ndalama pamene inali n'kuchepetsa chiwerengero cha maluwa, kapenanso kusintha mtundu wa duwa koma kusunga maonekedwe amene akwati anasankha.

Chimene mwagwirizana tsiku limenelo chilembedwe, ndipo mbali zonse zisayine. M'pepalamo mukhale tsiku ndi malo, dzina la duwa lililonse ndi chiwerengero chake, duwa lolowa m'malo ngati loyambalo lasowa, ola limene maluwa adzafike kunyumba kovalira mkwatibwi, kutchalitchi ndi ku holo, ndalama yolipidwa kale, yotsala ndi tsiku loimaliza. Mulembenso mwini wa miphika ndi zoimikira, wodzazibweza, ndi mtengo wa chilichonse chikasweka, pakuti mikangano yambiri imabuka Lolemba ukwati utatha, pamene alendo anyamula timiphika ta pa tebulo poganiza kuti ndi mphatso. Ngati wokongoletsa holo ndi munthu wina wosiyana ndi wamaluwa, awiriwo akumane pamaso panu kuti aliyense adziwe malire a ntchito yake, apo ayi mudzalipira kawiri chinthu chimodzi, kapena tebulo la keke lidzakhala lopanda kanthu aliyense akuloza mnzake.

Pali mfundo ina imene anthu safuna kuitchula pokonza chisangalalo, koma ine ndiyenera kuitchula. Kwathu kuno maliro akagwa m'banja ukwati umaimitsidwa. Mumufunse wamaluwayo kuti zikatero dipoziti idzasamukira ku tsiku latsopano kapena ayi, ndiponso kuti ndi tsiku liti limene iye amakhala ataitanitsa kale maluwa moti ndalama singabwererenso. Yankho lake lilowe m'pepalamo. Pomaliza, nambala ya foni imene wamaluwa adzaimbire m'mawa wa ukwati ikhale ya munthu mmodzi wa m'komiti amene wapatsidwa ntchito imeneyo yokha, osati ya mkwatibwi.

FUNSO: Azakhali, mwana wanga wamkazi akukwatiwa mu Disembala kuno ku Domasi, ndipo ndalama yolemba katswiri wa maluwa pa zonse tilibe. Anyamata ena andiuza kuti akhoza kukwera phiri n'kukatithyolera maluwa akutchire okongola kwambiri. Kodi ndivomere? Mayi wa ku Domasi.

YANKHO: Amayi, musavomere. Mapiri a Zomba ndi Malosa ndi nkhalango yotetezedwa ndi boma, ndipo lamulo la za nkhalango la 1997 sililola kutengamo zomera popanda chilolezo, choncho anyamatawo akhoza kugwidwa chifukwa cha ukwati wa mwana wanu. Ena mwa maluwa amene amaphuka kumeneko nthawi ya dzinja ndi a mtundu wa orchid, omwe mizu yake ndi ija anthu amapangira chikande, ndipo akuchepa kale chifukwa chokumbidwa. Kuwonjezera apo, maluwa ambiri akutchire amafota asanafike n'komwe kumudzi.

Pali njira yabwino imene singakuchotsereni ulemu. Katswiri mumulembe pa zinthu ziwiri zokha, mpukutu wa mkwatibwi ndi tebulo la akwati, ndipo zotsalazo zichokere m'mabwalo a abale ndi amayi a mumpingo. Mumuuziretu katswiriyo kuti mudzachita zimenezi, ndipo ngati ali wamtima wabwino adzakuuzani mitundu yoti musonkhanitse kuti igwirizane ndi yake. Masamba a bulugamu amadzaza bwino ndipo amanunkhira. Maluwa obzalidwa m'miphika, amene amagulitsidwa ndi anthu a mbande m'mbali mwa msewu, akhoza kuikidwa pakhomo la tchalitchi, ndipo ukwati ukatha akwatiwo amakawabzala kunyumba kwawo. Ngati muli ndi dimba, mpendadzuwa kapena zinnia wofesedwa miyezi iwiri kapena itatu tsikulo lisanafike adzakhala ataphuka. Mufese kawiri motalikitsa sabata imodzi kapena awiri kuti wina akachedwa wina akhale atakonzeka. Bougainvillea musamudalire, chifukwa ngakhale amakongola pa mpanda, akadulidwa sachedwa kufota ndi kuyoyoka. Popeza Disembala ndi mwezi wa mvula, zonse zikonzedwere m'kati mwa nyumba kapena pansi pa tenti yolimba.

FUNSO: Azakhali, ndine mnyamata wachikatolika wa ku Sadzi. Tikuganiza zomanga ukwati mu Malichi chaka chamawa. Mnzanga wina akuti nthawi imeneyo maluwa saloledwa m'tchalitchi. Kodi n'zoona? Mnyamata wa ku Sadzi.

YANKHO: Mwana wanga, mnzakoyo sananame kwenikweni. Malichi nthawi zambiri amagwa m'nyengo ya Lenti, ndipo malamulo a mwambo wa Misa amaletsa kukongoletsa guwa ndi maluwa m'nyengoyi, kupatula Lamulungu lachinayi la Lenti ndi masiku a zikondwerero zikuluzikulu. M'nyengo ya Adiventi maluwa amaloledwa koma mosapyola muyeso. Ukaonane ndi bambo mfumu usanapereke dipoziti kwa wina aliyense, ndipo ukafunse za tsiku lenilenilo komanso za maluwa. Owerenga a mipingo ina nawonso afunse kwa abusa kapena akulu a mpingo, chifukwa m'matchalitchi ena maukwati angapo amadalitsidwa pa mwambo umodzi, ndipo zikatero n'kwanzeru kuti makomiti agwirizane mtundu umodzi wa maluwa a kutsogolo n'kugawana mtengo wake.

FUNSO: Azakhali, kuti tichepetse ndalama ya thiransipoti, tagwirizana ndi wamaluwa wa ku Limbe kuti atimangire zonse Lachisanu, ndipo mchimwene wanga adzazitenge yekha pa galimoto. Tidzazisunga bwanji mpaka Loweruka? Mchemwali wa mkwatibwi, Mpondabwino.

YANKHO: Mwanawe, funso lako landikumbutsa ukwati wa mwana wa mchemwali wanga zaka zingapo zapitazo, pamene ifenso tinachita chimodzimodzi. Amene tinamutuma anaika maluwa ku buti, n'kuima pa Thondwe kugula ndiwo zamasamba za ku phwando, ndipo pofika ku Zomba rozi wa pamwamba anali atawerama ndi kutentha. M'mawa mwake, kakombo amene anali mu mpukutu anathimbiriza diresi yoyera ndi mungu wake wachikasu tisanatuluke n'komwe m'nyumba. Mwanayo analira, ndipo mpaka lero zimandipweteka chifukwa zonsezo zinali zopeweka tikanafunsa.

Kuchokera ku Limbe kufika ku Zomba ndi makilomita oposa 60, ndipo ulendo umenewo uyendedwe m'mawa kwambiri kapena dzuwa litapendeka, osaima m'njira. Maluwa akhale m'kati mwa galimoto momwe mumakhala anthu, osati ku buti kapena kumbuyo kwa pikapu kumene kuli dzuwa ndi mphepo. Amene sanamangidwe aime m'zidebe zotsukidwa bwino zokhala ndi madzi pang'ono, zidebezo zitatchingidwa ndi makatoni kuti zisagwe pokhota. Mukafika, mudule pang'ono kunsi kwa tsinde lililonse mopendeketsa ndi mpeni wakuthwa, muchotse masamba onse amene angamire m'madzi chifukwa ndi amene amawoletsa madziwo, ndipo muwaike m'madzi atsopano. Amene abayidwa kale mu siponji muwathirire madzi pa siponjiyo madzulo ndi m'mawa.

Usiku agone m'chipinda chozizira kwambiri m'nyumbamo, pansi pa simenti, kutali ndi khitchini ndi mbaula. Musawaike pamodzi ndi nthochi, mapapaya, mapeyala kapena tomato wogulira phwando, chifukwa zipatso zikamapsa zimatulutsa mpweya umene umakalambitsa maluwa msanga. Pa chifukwa chomwecho firiji ya pakhomo yodzaza ndi zakudya si malo abwino, ndipo anthurium ndi orchid amada akazizidwa kwambiri, pamene magetsi akathima usiku firiji yotsekayo imasanduka bokosi lofunda. Ngati mu mpukutu muli kakombo, mumupemphe wamaluwayo achotseretu timitu ta mungu ta pakati pa duwa, ndipo m'mawa muonenso ngati ena atsegula usiku kuti muwachotse ndi kapepala. Mungu ukagwera pa diresi musaupukute ndi madzi kapena ndi dzanja, koma muunyamule pang'onopang'ono ndi selotepi.

Dziwani kuti mukadzitengera nokha, udindo wa wamaluwa umathera pakhomo pake, ndipo chimene chawonongeka m'njira ndi chanu. Mumufunse mtengo woti iye abweretse yekha Loweruka m'mawa, muufanizire ndi mafuta a galimoto ya achimwene anuwo, ndipo ngati kusiyana kwake kuli kochepa, mulole abweretse yekha. Mukasankhabe kudzitengera, achimwenewo asapite okha. Apite ndi munthu wa m'komiti amene ali ndi pepala la mgwirizano, awerenge chilichonse asanakweze, ndipo apemphe maluwa asanu kapena khumi apadera pamodzi ndi liboni ndi mapini, oti mudzakonzere chimene chingathyoke m'mawa wa ukwati.